Kodi ndi kuwala kwa foni kukundilanda tulo, ndigule magalasi aja?

"Adokotala, ndine mayi wa zaka 38, ndimakhala ku Area 25 ku Lilongwe ndipo ndimasoka zovala. Patha miyezi inayi tulo tandithawa. Ndimalowa mu neti cha m'ma 9 koma ndimakhala pa foni, WhatsApp, Facebook, TikTok, kudikirira bambo a kunyumba omwe ali ku Johannesburg. Iwowo amaweruka mochedwa nde timayimbirana pa vidiyo cha m'ma 11. Tikamaliza tulo sitibwera mpaka 1 koloko, pena 2, chonsecho 5 koloko ndikhale nditadzuka kukonzekeretsa ana. Masana mutu waa, kusinza pa mashini, tsiku lina ndinadzibaya ndi singano. Mnzanga akuti vuto ndi kuwala kwa buluu kwa foni, ndigule magalasi otchinga kuwalako. Mwana wanga wa Fomu 3 nayenso amagona ndi foni, akuti manotsi ali momwemo. Kodi n'zoona za kuwalazi? Maso athu sakuwonongeka? Panopa ndayamba kumwa Piriton kuti ndizigonako."

Mayi, choyamba mtima pansi. Zomwe mwalembazi ndimazimva pafupifupi sabata iliyonse, kwa azimayi, kwa anyamata a pa koleji, ngakhale kwa anzanga ovala zoyera omwe amalangiza ena masana koma usiku ali tong'o pa foni. Simukupenga, ndipo palibe chikusonyeza kuti muli ndi matenda oopsa. Za maso, kuwala kwa sikirini ya foni n'kochepa kwambiri moti palibe umboni woti kumaotcha kapena kuchititsa khungu. Maso amauma ndi kutopa inde, chifukwa tikamayang'ana sikirini timaiwala kuphethira, koma zimenezo zimatha mukawapumitsa. Ndalama ya magalasiyo isungeni kaye, ndifikako. Mnzanuyo sananame, kungoti wagwira mchira wokha wa nkhani, mutu wake uli kwina.

Tiyambe ndi za kuwalazo poti ndi zomwe mwafunsa. Mkati mwa ubongo, chakumbuyo kwa maso, muli kagulu ka maselo kakang'ono ngati njere ya mpunga komwe kamagwira ntchito ya wotchi. Ndi komwe kamauza thupi kuti ino ndi nthawi yogona, ino yodzuka, ino yotentha thupi, ino yozizira. Nkhani ya wotchi ya m'thupi si nthano ayi, mu 2017 akatswiri atatu a ku America, Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mphoto ya Nobel chifukwa chotulukira mmene wotchiyi imayendera, ndipo anazipeza pofufuza tintchentche tija timazungulira nthochi zakupsa. Chovuta n'choti wotchi yathuyi siyenda ndendende maola 24, kwa anthu ambiri imapitirirako pang'ono, nde tsiku lililonse imafunika kuikonza ngati mmene agogo ankakonzera wotchi ya pamkono akamva nthawi pa wailesi. Chomwe chimaikonza ndi kuwala kolowa m'maso.

M'diso muli maselo ena apadera, ochepa kwambiri, omwe ntchito yawo yaikulu si kuona nkhope kapena zilembo ayi, koma kuyeza kuti kunja kwawala bwanji. Anawadziwa bwino cha m'ma 2002 pomwepa. Maselo amenewa amadzidzimuka kwambiri ndi kuwala kopendekera ku buluu, mtundu wa thambo la masana. Akaona kuwala kotere amatumiza uthenga ku wotchi ija kuti kukadali masana. Kukada, wotchi imalamula kachiwalo kena ka mu ubongo kutulutsa homoni yotchedwa melatonin, yomwe imayamba kukwera maola awiri kapena kuposerapo nthawi yanu yogona isanakwane. Melatonin si mankhwala ogonetsa ngati a ku fiyeta, ili ngati belu la kusukulu, imangolengeza kuti usiku wafika, thupi lonse liyambe kulongedza. Tsono masikirini a foni, laputopu, TV komanso mababu a LED oyera mbee aja ali ndi buluu wambiri mkati mwa kuyera kwawoko. Mukawayang'ana usiku belu lija limachedwa kulira. Apa ndi pomwe mnzanuyo akunena zoona.

Funso lenileni ndi loti limachedwa bwanji. Kafukufuku yemwe anatchukitsa nkhaniyi anachitikira ku Boston, pa chipatala cha Brigham and Women's, ndipo zotsatira zinatuluka kumapeto kwa 2014. Anatenga anthu 12 n'kuwasunga m'chipatalamo pafupifupi masabata awiri. Masiku asanu ankawerenga pa iPad maola anayi asanagone, sikirini itawalitsidwa mpaka kumapeto, masiku ena asanu ankawerenga buku la mapepala m'chipinda chowala pang'ono. Masiku a iPad melatonin inatsika kwambiri, wotchi yawo inachedwa ndi ola limodzi ndi theka, mmawa ankadzuka ali ofooka. Koma nthawi yoti tulo tibwere inangotalika ndi mphindi 10 zokha. Maola anayi, kuwala konse, masiku asanu otsatizana, mphindi 10. Inu mukutaya maola awiri kapena atatu usiku uliwonse. Ndiye mukuona nokha kuti kuwala pakokha sikungasenze mlandu wonsewu.

Kuwala timakuyeza ndi muyezo wotchedwa lux. Kandulo ili patali mita imodzi ndi lux imodzi. M'nyumba yoyaka magetsi bwino ndi mahandiredi angapo. Panja pa mthunzi masana ndi masauzande, pa dzuwa la Okutobala la ku Salima imatha kufika 100,000. Foni ili m'manja mwanu, makamaka mukaichepetsa kuwala, imagwera m'munsi kwenikweni mwa muyezowu, nthawi zambiri imachepera babu la pabalaza lomwe palibe akulidandaula. Komabe ndisakunamizeni kuti n'zofanana kwa aliyense. Ofufuza a ku yunivesite ya Monash ku Australia anapeza mu 2019 kuti anthu timasiyana kutalitali, wina kuwala pang'ono kokha melatonin yake yatsika kale, wina olo umuyatsire getsi lamphamvu thupi lake silitekeseka, kusiyana kwake kuposa ka 50. N'chifukwa chake mumamva wina akuti ine ndimagona foni ili pamphuno ndipo ndimafa nato tulo. Sakunama, kungoti thupi lake si lanu.

Nanga chikudya maola anuwo n'chiyani? Pa zaka zomwe ndakhala ndikuona anthu osowa tulo ndinganene mosaphethira kuti ndi zomwe zili mkati mwa fonimo. Buku limatha, pulogalamu ya pa wailesi imatha, ngakhale nthano za agogo zinkatha aliyense n'kukagona. TikTok ndi Facebook sizitha. Anazipanga dala kuti chala chizingokankha, kavidiyo kena kabwere, kenanso, kenanso, nde munthu umati ndingoonako kamodzi komaliza, kuyang'ana nthawi 12 yadutsa. Onjezanipo mabandulo a usiku otchipa aja, munthu umamva ngati ukagona ndalama yako yapita pachabe, umalimbana ndi zikope kuti ma MB athe. Walira mvula walira matope, tinalira data yotchipa, ndi imeneyi.

Chachiwiri ndi mtima. Kuti munthu agone pamafunika mtima utsike, maganizo azilale ngati moto wa pa mbaula. Tsono inu 11 koloko usiku mukuyankhula ndi bambo a ana omwe ali kutali, ndipo sindikukhulupirira kuti mumangokambirana zachikondi zokhazokha. Pamakhala za fizi, za lendi, ndalama yomwe sinafike, mapepala awo kumeneko, mwina ndi kakaikiro kena komwe simunganene pagulu. Foni ikadulidwa inu mumatsala nazo mu neti muli nokha, mutu ukuwerengera. Pamenepo olo sikirini ikanakhala yakuda bii tulo sitikanabwera. Chimodzimodzi uthenga wa maliro pa gulu la kumudzi, kukangana pa gulu la banki m'khonde, sitetasi ya munthu wina yokulasani. Ndinathandizapo mnyamata wina wogwira ntchito m'sitolo yemwe anabwera ndi magalasi otchinga buluu ali kumaso, anali atagula kale, akuti sakuthandiza. Titacheza bwinobwino ndinapeza kuti usiku uliwonse wa mpira wa ku Ulaya amabetcha pa foni, mpira wake woyamba 9 kapena 10 koloko, kutha pakati pa usiku, iye mtima uli m'mwamba kudikira chigoli chimodzi choti tikiti ilowe. Ndinamufunsa kuti achimwene, galasi lingatchinge bwanji chigoli cha mphindi ya 90? Anaseka yekha.

Pali chachitatu chomwe anthu sachiganizira. Ubongo umaphunzira malo. Mukalowa m'khitchini njala imayamba, mukalowa m'tchalitchi mawu amatsika okha. Bedi limayenera kuti mukangolikhudza thupi lidziwe kuti tabwera kudzagona. Koma kwa miyezi inayi mwakhala mukuliphunzitsa kuti pano ndi pochezera, powonera mavidiyo, podikirira foni, podandaulira, kuyambira 9 mpaka 1. Nde lagwira phunzirolo. N'chifukwa chake ambiri amandiuza kuti pa mpando pabalaza ndimasinza koma ndikangofika pa bedi maso gwa.

Ndikuuzeniko kafukufuku wina yemwe ndimamukonda chifukwa anachitikira pakhomo pathu pomwepa. Ofufuza a ku yunivesite ya Surrey ku England, pamodzi ndi anzawo ena, anapita ku Milange ku Mozambique, kungowoloka malire kuchokera ku Mulanje, n'kuyerekeza kagonedwe ka anthu a m'tauniyo ndi a m'mudzi wa Tengua womwe unalibe magetsi. Zotsatira zinatuluka mu 2017. A m'tauni ankagona mochedwa ndi pafupifupi ola limodzi, koma ankadzukanso mochedwerako, nde maola a tulo sanasiyane kwenikweni. Chodabwitsa n'choti a kumudzi opanda magetsi aja ndi omwe tulo tawo tinali todukaduka, ndipo ofufuzawo analoza zinthu ngati kugona pa mphasa, kuthithikana m'chipinda chimodzi ndi ntchito yakalavulagaga. Ndimatengapo ziwiri. Kuwala kwa usiku kumakankhadi nthawi yogona, zimenezo n'zoona ngakhale kwathu kuno. Koma vuto limakula pomwe nthawi yodzuka singasunthe, ngati inuyo, 5 koloko ndi 5 koloko basi, ana sangadikire. Komanso tisamanamizane kuti kumudzi kopanda magetsi aliyense amagona ngati khanda.

Tsopano mbali yomwe mnzanu uja sanakuuzeni, ndipo kwa ine ndi yaikulu kuposa ya buluu. Wotchi ija simangoyang'ana kuwala kwa usiku, imayerekeza usiku ndi masana. Munthu yemwe wakhala panja tsiku lonse, wa kabaza, wogulitsa tomato, mlimi, maso ake amwa kuwala kochuluka moti kafoni ka usiku kali ngati kuthira kapu ya madzi m'nyanja. Koma yemwe watandala m'chipinda cha mdima, masana ake ndi usiku wake zimafanana, nde kuwala kochepa kwa usiku kumamveka kwambiri. Ku Uppsala ku Sweden anayesa zimenezi mu 2016, anthu anawaika pa kuwala kwamphamvu masana kwa maola oposa 6, madzulo n'kuwapatsa tabuleti awerenge maola awiri, ndipo tulo tawo ndi melatonin sizinasiyane ndi tsiku lomwe anawerenga buku wamba. Ku Colorado ku America nako mu 2013 anatenga anthu 8 kukagona m'matenti kuphiri sabata imodzi opanda tochi kapena foni, pobwerera wotchi zawo zitabwerera m'mbuyo ndi maola awiri, belu lija likulira msanga. Tsono ndikufunseni, mashini anu ali pati? Matelala ambiri omwe ndimawadziwa amasokera m'kachipinda ka windo limodzi, nsalu zitapachikidwa mpaka kutchinga windolo, kuwerama pa singano kuyambira mmawa mpaka dzuwa kulowa. Ngati ndi mmene zilili kwa inu, tulutsani mashiniwo pakhonde olo mmawa wokha. Kuno dzuwa sitigula, limatuluka cha m'ma 5 nthawi yotentha, cha m'ma 6 mu Juni ndi Julayi. Mphindi 20 kapena 30 muli panja mmawa, kusesa, kuchapa, kuperekeza ana wapansi, osavala magalasi akuda komanso osayang'ana dzuwalo mwachindunji, zimakokera wotchi yanu m'mbuyo moti madzulo tulo timabwera msanga. Anzathu a ku Ulaya amachita kugula nyali zapadera nthawi yozizira kuti apeze zomwe ife tikuzithawa.

Za magalasi aja. Mu 2023 bungwe la Cochrane, lomwe ntchito yake ndi kusonkhanitsa kafukufuku yense pa nkhani imodzi n'kumupeta, linaunika kafukufuku 17 wa magalasi otchinga buluu. Sanapeze umboni woti amachepetsa kutopa kwa maso, ndipo pa nkhani ya tulo zotsatira zinali zosakanikira, ena akuti athandiza ena ayi. Komanso magalasi oyera aja ogulitsidwa m'misika ndi pa WhatsApp amangotchinga kabuluu kochepa, otchinga zenizeni amakhala achikasu kwambiri kapena a olenji moti simungasoke nawo, ulusi wa buluu ungaoneke wakuda. Ine ndalama imeneyo bola mukayezetse maso kuchipatala, cha m'ma zaka 40 ndi pomwe ambiri amayamba kuvutika kuona zapafupi, ndipo kwa munthu wolowetsa ulusi pa singano tsiku lonse mutu wanuwo mwina ukuchokeranso pamenepo. Mu foni muli kale zaulere, pena amalemba Night Light, pena Eye Comfort, pa iPhone ndi Night Shift, sikirini imasanduka yachikasu. Yatsani, sizilipiritsa ndipo maso amamva bwino, koma musaike chikhulupiriro chonse pamenepo. Ku yunivesite ya Brigham Young ku America anayesa achinyamata 167 mu kafukufuku wa 2021, ndipo omwe anayatsa Night Shift sanagone bwino kuposa omwe sanayatse. Kuchepetsa kuwala kwenikweniko, kutsitsa kamzere kaja mpaka pansi, ndi kuika foni patali ndi nkhope, n'komwe kuli ndi nzeru kuposa kusintha mtundu.

Nde mutani? Sindikuuzani kuti siyani kuyankhula ndi amuna anu, banja la kutali limakhalira foni yomweyo, ndipo malangizo oti zimitsani foni 7 koloko amalembedwa ndi anthu omwe amuna awo ali pabalaza. Koma nkhanga zinapangana kusanapse, khalani pansi mugwirizane. Johannesburg ndi Lilongwe nthawi ndi imodzi, palibe kusiyana kwa maola, nde ngati amaweruka usiku ndiye kuti mwina mmawa kapena masana amakhala ndi mpata. Nkhani zolemera, za ndalama, za sukulu, za achibale, zisamukire masana kapena tsiku lomwe ali pa ofu. Usiku kukhale kongolonjerana, mphindi zochepa, ndipo ngati n'kotheka pa mawu okha osati vidiyo, foni ili pa khutu kapena pambali, getsi lozima. Masiku ena angokusiyirani voice note mumvere mmawa. Ndipo kuyambira 9 mpaka 11 musadikirire pa bedi. Khalani pabalaza, getsi lochepa, pindani zovala, mverani wailesi, konzani za mawa. Pa bedi mupite foni itatha, ndipo foniyo itsale pa tchaja pabalaza kapena patebulo loti simungalifikire muli gone. Pansi pa pilo ayi, makamaka ili pa tchaja, imatentha ndipo mabatire ena amayaka, muli mu neti. Mukati nanga alamu, kawotchi ka batire kapena kafoni ka mabatani kamakwana. Mukati nanga kukagwa zadzidzidzi usiku, siyani kulira kwa foni yoyimba kokha, ma data zimitsani, wofuna inu pa zoopsa amayimba, satumiza sitika.

Nthawi yodzuka isasinthe, olo Loweruka ndi Lamulungu musapitirire ndi ola. Ndikudziwa zikumveka nkhanza kwa munthu wotopa koma ndi msomali womwe wotchi yonse imakolekedwapo. Popeza 5 koloko ndi yokhazikika ndipo munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposa, cholinga chathu ndi 10 koloko. Musalumphe kuchoka pa 1 kufika pa 10 tsiku limodzi, mudzangogona chagada kuwerenga malata. Bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono, mphindi 20 kapena 30 masiku angapo aliwonse. Mukagona n'kuona kuti papita nthawi ngati mphindi 20 tulo osabwera, osayang'ana wotchi, kungoyerekeza, dzukani mukakhale pampando mu kuwala kochepa, bwererani pokhapokha zikope zikalemera. Masiku oyamba mudzadzuka kawiri katatu, mudzanditukwana mumtima, palibe kanthu. Masana tulo tikakugwirani pa mashini gonani mphindi 20 isanakwane 3 koloko, osati maola awiri madzulo.

Za mwana wa Fomu 3 ndi nkhani ina pang'ono, ndipo kwa iyeyo kuwala ndimakuopa kwambiri kuposa kwa inu. Maso a ana ndi oyera mkati ndipo kamwana ka diso n'kotambasuka, kuwala kumalowa kochuluka, melatonin yawo imatsika msanga. Kuwonjezera apo, mwana akatha msinkhu wotchi yake imasunthira yokha kutsogolo, amafuna kugona mochedwa ndi kudzuka mochedwa, si ulesi wokha ayi ndi chilengedwe. Nde foni ikabwera imakankha ngolo yomwe ikutsetsereka kale. Pa msinkhu wakewo amafunika maola 8 mpaka 10, ndipo zomwe wawerenga masana zimakhazikika mu ubongo ali m'tulo, kotero kuwerenga mpaka 1 koloko n'kudzuka 5 kuli ngati kutunga madzi ndi dengu. Zoti manotsi ali mu foni n'zoona, masiku ano aphunzitsi amatumiza pa WhatsApp, koma manotsi omwewo amakhala khomo limodzi ndi magemu ndi macheza. Awerenge za mu foni madzulo kusanade kwenikweni, zofunika akopere mu kope, usiku agwire kope. Kukopera komweko ndi kuwerenga kale. Koma ndikuchenjezeni, make mbuu mwana mbuu. Simungamulande foni 9 koloko inu n'kukalowa nayo yanu mu neti, kuwala kukuonekera pansi pa chitseko. Pakhale malo amodzi pabalaza pogona mafoni onse a m'nyumbamo, yanu ikhale yoyamba. Ngati muli ndi ang'onoang'ono, bungwe la WHO linanena mu 2019 kuti osakwana zaka 2 asamapatsidwe sikirini, a zaka 2 mpaka 4 isapitirire ola limodzi patsiku, ndipo chizolowezi chogonetsa mwana ndi katuni pa foni ndi chomwe ndingakonde chitatha.

Piriton musiye. Ndi mankhwala a ziwengo ndi chimfine, kugonetsako ndi zotsatira chabe, thupi limazolowera m'masiku ochepa nde mumayamba awiri, kenako atatu, ndipo mmawa mumadzuka mutu uli zii, pakamwa pouma. Sindingadabwe ngati kudzibaya ndi singano kuja kunali ndi dzanja la Piriton. Choopsa kwambiri ndi ma diazepam ogula mwamseri, amenewo amakola ngati mowa ndipo kusiya kwake n'kovuta, musayambe popanda dokotala. Mowa nawo umagonetsa msanga koma umadula tulo pakati pa usiku. Yang'ananinso tiyi, khofi, Coca-Cola ndi ma energy drink, zonsezi zili ndi caffeine yemwe theka lake limakhalabe m'magazi patatha maola 5 kapena kuposa. Munthu wosagona amamwa tiyi wambiri masana kuti alimbe, tiyi yemweyo n'kumulanda tulo usiku, kuzungulira ngati galu wothamangitsa mchira. Ikadutsa 2 koloko masana bola madzi kapena thobwa.

Tsopano pomwe ndikufuna mukaonane ndi achipatala maso ndi maso, chifukwa pa kalata sindingakuyezeni. Mukayesa zonsezi mokhulupirika masabata atatu kapena anayi osasintha kanthu, pitani. Kusowa tulo masiku atatu pa sabata kwa miyezi itatu timakutenga kale ngati vuto lofunika chithandizo, ndipo inu mwadutsa pamenepo, nde zikapanda kusintha musazengereze. Chithandizo chake chabwino si mapiritsi, ndi uphungu wapadera wokonza kagonedwe ndi maganizo wotchedwa CBT-I, zina mwa zomwe ndalemba pamwambazi zachokera momwemo. Pitani msanga osadikira masabatawo ngati mukumva kukhumudwa tsiku ndi tsiku, zomwe munkakonda sizikukusangalatsaninso, mukulira nokha, chakudya sichikulowa, kapena mukudzuka 3 koloko mtima ukugunda ndi nkhawa. Kulera ana wekha mwamuna ali kunja ndi katundu, ndipo kawirikawiri kusowa tulo ndi khomo lomwe matenda a maganizo amagogodapo poyamba, foni imangokhala pothawira. Maganizo ofuna kudzivulaza akabwera, limenelo ndi la tsiku lomwelo, uzani munthu yemwe mumamukhulupirira ndipo pitani kuchipatala chilichonse chapafupi. Zipatala za m'maboma zili ndi anamwino a za maganizo, ndipo ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kulinso a Saint John of God.

Mukapita akakuyezeni BP, shuga ndi kuchuluka kwa magazi. Kudzuka kangapo kukakodza ndi ludzu losatha kumaloza ku shuga. Kutuluka thukuta usiku pamodzi ndi chifuwa, kutentha thupi kapena kuonda, tikayeze TB. Kugunda kwa mtima, kunjenjemera manja ndi kuonda chonsecho mukudya, tikaone chithokomiro. Ngati ana amakuuzani kuti mumaliza mkonono kwambiri, kupuma n'kumaima kenako kubanika, ndi vuto lina lomwe foni ilibe nalo gawo. Miyendo yonyerenyetsa yofuna kuigwedeza mukangogona nthawi zambiri imayenda ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi, komwe n'kofala mwa azimayi. Ndipo nenani mankhwala onse omwe mukumwa. Mwachitsanzo ma ARV omwe ambiri akumwa kuno kuyambira 2019, okhala ndi dolutegravir, kwa anthu ena amasowetsa tulo makamaka akamwedwa usiku, ndipo nthawi zambiri kungosunthira mmawa kumathandiza, koma zimenezo mukambirane ndi a ku kiliniki, osasiya kapena kusintha panokha.

Pomwe mukuyamba, tengani kope lakale la mwana, tsiku lililonse mmawa lembani nthawi yomwe munasiya foni, yomwe munalowa mu neti, yomwe mukuganiza kuti tulo tinabwera, yomwe munadzuka, makapu a tiyi, ndi ngati munakhalako panja mmawa. Mu foni musalembemo, mukudziwa chifukwa chake. Pakatha masabata awiri mundilemberenso zomwe zili mu kopemo, kapena mupite nalo kuchipatala, komanso mundiuze ngati mashini aja anatuluka pakhonde.